Khutu lili bwino koma mwana "samva": zoyenera kuchita pang'onopang'ono

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8, ankamva kiyi akulowa pachitseko chakumaso iye ali kuchipinda chakumapeto. Bambo ake akafika, woyamba kudziwa anali iyeyo. Koma mwana yemweyo, nditaima naye kukhitchini, madzi akutuluka pampopi, wailesi ikulankhula, ndikamuuza kuti, "Pita ukatseke zenera la kuchipinda, utenge thaulo, ubwerenso ndi nsapato zako zakusukulu," ankangondiyang'ana pakamwa n'kuti, "Amayi, mwati chiyani?" Ndikabwereza mokalipa ankanyamuka, n'kubwera ndi nsapato zokha. Zenera lili chitsegukire, thaulo lili pomwepo.

M'Chichewa liwu limodzi loti kumva limasenza katundu wa anthu atatu. Pali kumva kwa khutu, pali kumvetsa, palinso kumvera. Ndiye mwana akapanda kuchita zimene wauzidwa timangoti ndi wosamva, mlandu n'kuthera pomwepo: wagamulidwa kuti ndi nkhutukumve. Ine ndinamutchula choncho mwana wanga kwa zaka ziwiri, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Vuto lake achipatala amalitchula kuti auditory processing disorder, mwachidule APD. Khutu limalandira mawu bwinobwino, koma ubongo umavutika kuwasanja, kuwalekanitsa ndi phokoso ndi kuwamasulira pa nthawi yake. Nazi zoyenera kuchita, mu ndondomeko imene ndikanakonda wina akanandiuza poyamba.

Gawo 1: Dziwani kaye njira imene mawu amadutsa

Musalumphe gawo lino, chifukwa malangizo onse otsatirawa akuchokera pano.

Mawu ndi mpweya wonjenjemera. Ukalowa m'ngalande ya khutu umagunda mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kokungika ngati ng'oma. Kuseri kwake kuli timafupa titatu, tochepetsetsa mwa mafupa onse a m'thupi, timene timapatsirana kunjenjemerako mpaka kukafika ku kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea. M'kati mwake muli madzi ndi timaselo taubweya toposa 15,000 m'khutu lililonse. Ta pakhomo pa nkhonoyo timagwira mawu oonda ngati likhweru, ta kunsonga kwake timagwira mawu a besi ngati bingu. Timaselo timeneti timasandutsa kunjenjemera kuja kukhala mauthenga amagetsi, ndipo minyewa pafupifupi 30,000 ya mtsempha wa khutu imawatengera ku ubongo.

Pamenepa khutu lamaliza ntchito yake, koma munthu sanamvebe kanthu.

Uthenga uja umayamba waima pa tsinde la ubongo, pomwe zochokera kukhutu lamanja ndi lamanzere zimakumana koyamba n'kuyerekezedwa. Munthu akakuitanani ali kumanzere, mawu ake amafika kukhutu lamanzere msanga kuposa lamanja, koma kusiyana kwake sikukwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ubongo umayeza kanthawi kameneko n'kukuuzani kotembenukira. Kuchoka apo uthenga umakwera kudutsa pakati pa ubongo ndi pa thalamus, kachigawo kamene kamalandira mauthenga n'kuwapititsa patsogolo, n'kukafika cham'mbali mwa mutu, pamwamba pang'ono pa makutu, pomwe phokoso limasanduka mawu atanthauzo.

Panjira yonseyi ubongo ukugwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Ukusankha liwu limodzi pakati pa ambiri, luso limene Colin Cherry, wasayansi wa ku Britain, analifufuza mu 1953 pofuna kudziwa mmene munthu amamvera mnzake paphwando pomwe aliyense akulankhula. Ukuyezanso nthawi mosamala kwambiri. Tatchulani kuti "waponya", kenako "waphonya". Chosiyanitsa mawu awiriwa ndi kampweya kotuluka pambuyo pa p, kosatenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, koma wina waponya mpira, wina wauphonya. Ukutsatiranso kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wogulira chinthu.

Ntchito imene imandidabwitsa kwambiri ndi yokwirira maenje. Mu 1970 Richard Warren anajambula chiganizo, n'kudula kachidutswa ka liwu limodzi, pamalopo n'kuikapo chifuwa cha munthu wotsokomola. Anthu omvetsera ankalimva liwulo lathunthu, ndipo ankalephera kunena malo enieni pomwe panali chifuwacho. Ubongo wawo unadzaza wokha pomwe panasowa. Tonsefe timachita zimenezi tsiku lonse osadziwa.

Munthu wa APD ndi amene ntchito imodzi kapena zingapo mwa zimenezi zikutsimphina. Nzeru zake zili bwino. Si vuto lachilendo kwa akatswiri: Helmer Myklebust analemba kale mu 1954 za ana a makutu abwino amene ankavutika kumvetsa zolankhulidwa.

Gawo 2: Tengani kope, mulembe zimene mukuona kwa milungu iwiri

Musadalire kukumbukira, chifukwa kholo lotopa limakumbukira masiku oipa okha. Nthawi iliyonse mwana akalephera kumva, lembani zinthu zinayi: munali pati, panali phokoso lanji, munatalikirana bwanji, ndipo munanena chiyani iye n'kumva chiyani. Lembaninso nthawi zimene wamva bwino, chifukwa zimenezo n'zimene zimaulula zambiri.

M'kope langa, tsiku lachitatu, munali izi: "Madzulo, pabalaza, TV yozimitsa, tinakhala moyang'anizana. Ndamuuza zinthu zinayi, wachita zonse." Tsiku lotsatira: "M'galimoto, mawindo otsegula, iye ali kumbuyo. Ndafunsa ngati watenga buku, wayankha za nkhuku." Nditawerenga masamba onse pamodzi ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo. Mwano susankha chipinda. Mwana wamwano amakana kuchipinda, pabalaza ndi m'galimoto mofanana. Wangayu ankalephera pomwe pali phokoso, pomwe sakuona nkhope yanga, ndi pomwe malangizo atalika.

Zina zoti muziyang'ana ndi izi. Amafunsa "mwati chiyani?" kenako n'kuyankha molondola musanabwereze, ngati kuti mawu anu anachedwa panjira. Amasokoneza mawu ofanana kamvekedwe. Amavutika pafoni kuposa pamaso. Sadziwa kumene liwu likuchokera, mukamuitana amatembenukira kwina. Amayang'ana kaye zimene anzake akuchita kenako n'kutsanzira. Nthabwala amaiseka mochedwa, kapena samva kusiyana kwa liwu lofunsa ndi lonyoza. Amabwera kusukulu ali wolefuka ngati wasenza miyala tsiku lonse. Pemphaninso aphunzitsi ake kuti alembe zawo, osawauza zimene inu mwapeza, kuti muone ngati zikugwirizana.

Gawo 3: Kayezetseni makutu enieniwo

Musanaloze ubongo chala, tsimikizani kuti khutu lilibe mlandu. Dokotala ayang'ane ngati mulibe phula lotseka ngalande kapena matenda. Kenako pitani kwa katswiri woyeza kamvedwe, amene pachingerezi amatchedwa audiologist. Mwana amavala mahedifoni m'chipinda chosalowa phokoso n'kumakweza dzanja akamva kaliwu, kuyambira mawu a besi a 250 Hz mpaka oonda a 8,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kuchuluka kwa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi). Amene amamva timawu tapansi mpaka madesibelo 20 kapena kucheperapo (desibelo ndi muyezo wa mphamvu ya mawu) amati makutu ake ali bwino. Palinso kachipangizo kopopera kampweya m'khutu, koona ngati mwinikhutu akugwedezeka momasuka kapena kuseri kwake kwadzaza madzi omata. Madziwa ndi ofala mwa ana, sapweteka, ndipo amachititsa mwana kumva ngati ali pansi pa madzi, lero bwino, mawa ayi.

Uzani katswiriyo ngati mwanayo ankadwaladwala makutu ali wamng'ono, ngati anabadwa masiku asanakwane, kapena ngati anavulalapo m'mutu.

Zotsatira zikatuluka kuti makutu ali bwino, nkhani sinathe. Ife tinabwerera kunyumba ndi pepala lonena kuti zonse zili bwino, ndipo kwa miyezi ingapo pepalalo linasanduka umboni womutsutsa mwana: "Adokotala anati umamva, ndiye usatinamize." Mayeso amenewo amayeza ngati khutu likulandira timawu pamalo a zii. Sayeza ngati ubongo ungatole chiganizo pakati pa ana 40 akukoka mipando.

Gawo 4: Onani ngati si vuto lina lovala malaya ofanana

Zinthu zambiri zimaoneka ngati APD. Mwana wa ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, naye amaphonya malangizo, koma chifukwa choti maganizo ake athawira kwina, ndipo zimam'chitikira ngakhale pa zinthu zoona ndi maso. Mwana wa vuto la chilankhulo amamva liwu lililonse koma kapangidwe ka chiganizo n'kamene kamam'zunguza, ngakhale chitalembedwa. Pali dyslexia (vuto la kuwerenga), pali autism (vuto lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), pali nkhawa, kusagona mokwanira, komanso kuphunzira m'chilankhulo chimene mwana sanachizolowere. Nthawi zambiri mavutowa amayendera limodzi, moti mwana mmodzi akhoza kukhala ndi awiri kapena atatu. N'chifukwa chake ndi bwino kuti amuonenso katswiri wa zolankhula ndi katswiri wa kaphunziridwe ka ana.

Chimodzi chokha musachichedwetse. Ngati mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, osayankha ngakhale mutam'gwira, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, kaonaneni ndi dokotala msanga. Pali mtundu wa khunyu umene umaoneka choncho, ndipo uli ndi mankhwala.

Gawo 5: Pemphani mayeso a APD, ndipo mudziwe malire ake

Akatswiri ambiri sayeza mwana wosakwana zaka 7. Njira za mawu mu ubongo zimakhala zikukulabe, ndipo ana ang'onoang'ono amasiyana kwambiri moti n'kovuta kunena kuti uyu watsalira. Wanu akakhala wamng'ono musangokhala n'kumadikira, pitani ku magawo 6 ndi 7, omwe sapweteka mwana aliyense.

Mayesowo amatenga ola limodzi kapena awiri. Mupite naye m'mawa, atagona bwino. Adzamuuza kuti amvetsere mawu osakanikirana ndi phokoso. Adzamuuza kuti amvetsere mawu ofooketsedwa dala, ngati ochokera kuseri kwa khoma. Adzamupatsa timawu titatu totsatizana kuti anene kuti kokwera ndi kati, kotsika ndi kati. Adzamuuza kuti adine batani akamva kampata kachete pakati pa phokoso, kampata kotalika magawo ochepa chabe mwa magawo 1,000 a sekondi.

Mayeso amene anandiphunzitsa zambiri ndi oika manambala osiyana m'makutu awiri nthawi imodzi, mwana n'kunena onse amene wamva. Mu 1961 Doreen Kimura, akugwira ntchito ku Montreal, anapeza kuti anthu ambiri amagwira bwino mawu olowera kukhutu lamanja. Chifukwa chake n'chakuti njira yamphamvu yochokera kukhutu lililonse imawolokera mbali ina ya ubongo, ndipo kwa anthu ambiri chilankhulo chimakhala kumanzere. Zolowera kumanja zimafika mwachindunji. Zolowera kumanzere zimayamba zapita kumanja kwa ubongo, kenako n'kuwoloka mlatho wa minyewa wolumikiza mbali ziwirizi, wotchedwa corpus callosum. Mlathowu umachedwa kukhwima, ndiye mwa ana khutu lamanzere limatsalira mpaka chakuma zaka 11 kapena 12. Likatsalira mopitirira msinkhu wa mwanayo, katswiri amaona kuti pali kanthu.

Komabe ndikuuzeni zoona, akatswiri eniakewo sagwirizana pa nkhani ya APD. Bungwe la ku America la akatswiri a zolankhula ndi kamvedwe, ASHA, linatulutsa muyezo wake mu 2005, wakuti mwana akhale kuti watsalira kwambiri pa mayeso awiri kapena kuposerapo. Bungwe la British Society of Audiology limagawa vutoli patatu: loyamba ubwana popanda chifukwa chodziwika, lobwera chifukwa cha kuvulala kapena matenda a ubongo, ndi lotsatira vuto la khutu lenilenilo. Mu 2013 Wayne Wilson ndi Wendy Arnott a ku Australia anatenga zotsatira za ana 150 n'kuziyeza ndi miyezo yosiyanasiyana. Muyezo wina unapeza kuti ana pafupifupi 7 pa 100 alionse ali ndi APD, wina unapeza 96 pa 100. Ana ake omwewo.

Ndiye musalimbane kwambiri ndi dzina. Funso lopindulitsa kwa katswiri si lakuti "ali nalo kapena alibe?" koma lakuti "ndi luso liti limene likutsimphina, ndipo tichite chiyani Lolemba m'mawa?" Pemphani kuti akulembereni yankholo m'mawu osavuta, oti aphunzitsi akawerenge n'kumva. Funsaninso ngati mayeso a mawuwo ali m'chilankhulo chimene mwana amachidziwa bwino, chifukwa mwana woyesedwa m'chilankhulo chachilendo akhoza kulephera popanda vuto lililonse la ubongo.

Gawo 6: Konzani chipinda musanayambe kukonza mwana

Adani ndi atatu: phokoso, mtunda, ndi mawu obwerera kuchokera m'makoma.

Munthu wolankhula mwachizolowezi, ali pa mtunda wa mita imodzi, liwu lake limakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri liwu limatsika ndi madesibelo 6. Pa mamita 2 latsala 54, pa mamita 4 latsala 48, pa mamita 8 latsala 42. Koma phokoso la fani, la msewu ndi la anthu ena silitsika, lili ponseponse. Bungwe la ASHA limalangiza kuti liwu la mphunzitsi lizikhala pamwamba pa phokoso ndi madesibelo 15, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 1999 kuti phokoso la m'kalasi lisamapitirire madesibelo 35. Makalasi ambiri amapitirira pamenepo kutalitali.

Zochita zake n'zosavuta. Zimitsani TV ndi wailesi mukafuna kunena chinthu chofunika, osangochepetsa. Tsekani mpopi. Lekani kuitanira mwana muli chipinda china, nyamukani mupite pomwe ali. Chipinda cha makoma osalala ndi pansi pa simenti kapena matailosi chimabweza mawu, ndipo liwu lobwereralo limagwera pamwamba pa liwu lotsatira n'kulifufuta. Makatani okhuthala, kapeti, shelefu ya mabuku, ngakhale nsalu yopachika pakhoma zimameza mawu obwererawo. Miyendo ya mipando ivekeni timphira kapena tinsanza. Malo olembera homuweki akhale kutali ndi khomo ndi zenera loyang'ana kumsewu.

Gawo 7: Sinthani kalankhulidwe kanu

Apa ndi pomwe panali povuta kwa ine, chifukwa wofunika kusintha ndinali ineyo.

Yambani ndi dzina lake, kenako dikirani mpaka akuyang'aneni. Mawu oyamba a chiganizo ndi amene amatayika kwambiri, chifukwa ubongo umakhala usanatembenukire kwa inu. Aloleni atayike pa dzina, osati pa uthenga.

Nkhope yanu izioneka, pakhale kuwala, musaphimbe pakamwa ndi dzanja kapena kulankhula mutam'fulatira. Maso amathandiza kumva kuposa mmene timaganizira. Mu 1976 Harry McGurk ndi John MacDonald anaonetsa anthu kanema wa munthu amene milomo yake ikunena kuti "ga", koma liwu loikidwapo likunena kuti "ba". Ambiri ankamva "da", liwu limene panalibe analinena. Ubongo umasakaniza za m'maso ndi za m'khutu n'kupanga chinthu chimodzi. Mwana wanga poyang'ana pakamwa panga sankachita chipongwe, ankatolera zimene zam'pulumuka.

Musakuwe. Kukuwa kumakweza mavawelo, a, e, i, o, u, omwe anali omveka kale, n'kuphimba timawu tofooka ngati f, s, th ndi ph, tomwe timasiyanitsa matanthauzo. Lankhulani momveka, mochedwerapo pang'ono, ndipo muzipuma pakati pa mfundo, osati pakati pa zilembo. Kampata kameneko ndi kamene ubongo umagwiritsa ntchito kuti ukupezeni.

Akati "mwati chiyani?", werengani chamumtima mpaka 3 musanayankhe, chifukwa nthawi zina uthenga umakhala uli m'njira. Akapanda kuupeza, bwerezani kamodzi mawu omwewo kuti adzaze pomwe panasowa. Zikakanikabe, sinthani mawu. M'malo moti "bweretsa nsapato zako zakusukulu", nenani kuti "zovala kumapazi zakuda zija, zili pansi pa bedi".

Muzipereka langizo limodzi kapena awiri okha pa nthawi, motsatana ndi mmene achitikire. Nenani kuchuluka kwake poyamba: "Zinthu ziwiri. Zenera, kenako thaulo." Kwezani zala ziwiri. Ndipo lekani kufunsa kuti "wamva?", chifukwa mwana aliyense amayankha kuti eya, makamaka amene watopa ndi kukalipiridwa. Nenani kuti, "Tandiuza zimene ukachite." Mukasintha nkhani muzinena kuti mwasintha: "Tsopano za mawa." Zimene zingalembedwe zilembeni, pakapepala kapena pabolodi laling'ono pakhoma. Mafilimu aziwaonera ndi mawu olembedwa m'munsi.

Gawo 8: Kambiranani ndi sukulu

Pitani ndi kope lija ndi kalata ya katswiri. Musapite ngati wokasuma. Pemphani zinthu zochepa zimene mphunzitsi wa ana ambiri angazikwanitse. Mwana akhale pafupi ndi pomwe mphunzitsi amaima nthawi zambiri, zomwe sizitanthauza mzere woyamba nthawi zonse, komanso kutali ndi khomo ndi mawindo. Homuweki izilembedwa pabolodi. Mphunzitsi asamalankhule akulemba pabolodi atafulatira kalasi, ndipo mwana wina akafunsa funso kumbuyo, iye alibwereze asanayankhe. Kumvetsera ndi kulemba manotsi nthawi imodzi n'kovuta kwambiri kwa ana otere, ndiye apatsidwe manotsi kapena aloledwe kukopera kwa mnzake.

Chimene chinatithandiza koposa chikuchokera ku kafukufuku wa Warren uja, woika chifuwa pakati pa liwu. Ubongo umadzaza maenje ndi mawu amene ukuwadziwa kale. Liwu lachilendo likadulidwa ndi phokoso, palibe choti udzazire. Choncho tinkapempha aphunzitsi mawu atsopano a mlungu wotsatira, n'kumawatchula kunyumba Lamlungu madzulo, kuwalemba, kuwajambula. Pofika m'kalasi anali kale anzake, ndipo ngakhale atamva theka lokha ankawazindikira.

Palinso chipangizo chimene mphunzitsi amavala kamaikolofoni pakolala, mwana n'kuvala kolandirira kukhutu. Ena amachitcha FM system, ena remote microphone. Chimachotsa mtunda uja: mphunzitsi akhale kumapeto kwa kalasi, liwu lake limamveka ngati ali pambali pa mwana. Mwa zithandizo zonse za APD, chimenechi ndi chimodzi mwa zimene kafukufuku amazivomereza kwambiri. Chikonzedwe ndi katswiri wa makutu, chifukwa makutu a mwanayu ndi abwino ndipo safunika kuwakwezera mawu mopitirira. Ngati n'kotheka chiyeseni kaye kwa milungu ingapo musanagule, popeza ana ena, makamaka osinkhukirapo, amakana kuvala chinthu chowasiyanitsa ndi anzawo.

Gawo 9: Masewera ophunzitsa ubongo, mosamala

Ubongo umasintha ukamaphunzitsidwa, zimenezo n'zoona. Koma pa intaneti padzaza ogulitsa mapulogalamu olonjeza kuchiza APD m'milungu yochepa, ndipo umboni wa ambiri mwa iwo ndi wofooka. Kawirikawiri mwana amakhala katswiri pa sewero la pakompyutalo, koma m'kalasi zinthu zili chimodzimodzi. APD ilibe mapiritsi kapena jakisoni.

Maphunziro amene amathandiza ndi olunjika pa luso lenileni limene lapezeka lofooka. Chitsanzo chabwino ndi ntchito ya Sharon Cameron ndi Harvey Dillon a ku National Acoustic Laboratories ku Australia. Iwo anapanga mayeso otchedwa LiSN-S opezera ana amene amalephera kugwiritsa ntchito komwe liwu likuchokera polilekanitsa ndi phokoso, vuto lopezeka kawirikawiri mwa ana amene ankadwaladwala makutu, ndipo anapanganso pulogalamu yophunzitsa luso lomwelo. Musanalipire chilichonse funsani kuti: chikuphunzitsa luso liti, mwana wanga anapezeka wofooka pa luso limenelo, ndipo tidzayeza bwanji ngati zasintha?

Kunyumba, muwerengereni mokweza tsiku lililonse iye akutsatira ndi chala. Sewerani zowomba m'manja, inu muyambe kamayimbidwe iye atsanzire. Atseke maso aloze komwe belu likulirira. Tchulani mawu awiri, "kukuta" ndi "kukhuta", anene ngati ndi amodzi kapena osiyana. Kuimba ndi kuphunzira chida choimbira kumazoloweretsa ubongo kutsatira nthawi ndi kukwera kwa mawu, ndipo ngakhale zitapanda kuchiza kanthu, mwana wasangalala. Mphindi 10 zikwana. Akatopa lekani.

Gawo 10: Mupatseni mawu odzilankhulira yekha

Simudzakhala naye m'kalasi, kuntchito kapena pafoni. Choyamba mufotokozereni vuto lake mosabisa. Ine ndinamuuza kuti, "Makutu ako ndi akuthwa kuposa anga. Koma kukakhala phokoso, ubongo wako umalandira makalata ambiri nthawi imodzi, ndiye umafuna kanthawi kowasanja." Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti si ine wopusa?" Funso limenelo anali atalisunga kwa zaka.

Kenako muphunzitseni kufunsa molunjika. "Mwati chiyani?" amakwiyitsa anthu chifukwa amafuna kuti abwereze zonse. Koma "Ndamva zoti tikumane Lachisanu, nthawi yake ndiye sindinaimve" amasonyeza kuti munthu amatchera khutu, ndipo amayankhidwa mwaulemu. Yesererani kunyumba ziganizo ngati "Chonde mundiyang'ane mukamalankhula" ndi "Mungandilembere?" mpaka zizituluka zokha. Akabwera kusukulu mupatseni theka la ola la chete musanayambe mafunso. Kumvetsera kumene ena amachita osaganizako, iye wakuchita ndi mphamvu kuyambira m'mawa.

Ngati mukuwerenga izi n'kumadziona nokha, zonsezi zikugwiranso ntchito kwa akuluakulu. Pamsonkhano khalani poti muziona nkhope zonse, pemphani mfundo zolembedwa usanayambe, ndipo zimene mwagwirizana pafoni muzizitsimikiza ndi uthenga wolemba. M'malo odzaza anthu khalani pakona, kutali ndi masipika. Ukalamba nawonso umafooketsa luso lomva m'phokoso, ndiye kayezetseni. Koma vuto likabwera mwadzidzidzi, khutu limodzi kungotseka tsiku limodzi, kapena kulephera kumvetsa zolankhula pamodzi ndi kupindika kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena chizungulire, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa ikhoza kukhala sitiroko kapena vuto la khutu lofunika mankhwala m'masiku oyambirira.

Mwana wanga tsopano ali ndi zaka 13. Mlungu wathawu ndinali kukhitchini, mpopi uli wotsegula, ndikutsuka mbale nditam'fulatira, n'kuyamba kumuuza za mawa ngati munthu amene sanalembepo zonsezi. Anabwera, anatambasula dzanja n'kutseka mpopi, anandigwira paphewa kuti nditembenuke, n'kuti, "Eya amayi, yambiraninso. Zinthu zingati?"